Kugula EPIRB ya Boti Lanu: Zoyang'ana Musanapereke Ndalama

[Nyimbo yotsegulira pulogalamu, itsike pang'onopang'ono]

WOULUTSA:

 Lero tikambirana za chipangizo choitanira thandizo pamadzi chimene amalinyero amachitcha EPIRB. Ntchito yake ndi imodzi basi. Boti likamamira kutali ndi gombe, kumene foni ilibe netiweki, icho chimakuwa kudzera pa setilaiti kuti boti lakutilakuti lili pangozi, ndipo lili pamalo akuti. Nkhaniyi ndi yanu inu bambo kapena mayi amene muli ndi boti lonyamula anthu, boti la alendo pa loji, kapena boti lalikulu la usodzi logona panyanja. Ndi yanunso inu amene mumakwera mabotiwo.

Ndiyambe ndi zimene zinachitika ku America pa 24 Malichi 2009. Kusanache, boti la asodzi lotchedwa Lady Mary linamira m'nyanja ya Atlantic, makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku doko la Cape May, ku New Jersey. Munali amuna asanu ndi awiri. Botilo linali ndi EPIRB, ndipo EPIRB-yo sinagone. Inayandama, inayaka, n'kuyamba kutumiza uthenga nthawi ili 5:40 m'mawa. Setilaiti inamva. Koma uthengawo utafika kumtunda, kompyuta inafunafuna nambala ya chipangizocho m'kaundula, osaipeza. Pa nthawi yolembetsa, amene ankakopera nambalayo kuchokera pa fomu yolembedwa pamanja anaona chilembo C ngati ziro. Chilembo chimodzi chokha. Ndiye panalibe wodziwa kuti likulira ndi boti liti, mwini wake ndani, foni aimbire yani. Pamwamba pa apo, chipangizocho chinalibe GPS, choncho sichinanene pamene chinali. Anadikira mpaka setilaiti ina itadutsa pamwamba pa malowo nthawi ili 7:07. Pafupifupi ola ndi theka linatayika anthu ali m'madzi ozizira koopsa. Anapulumuka ndi mmodzi yekha.

Zinthu ziwiri zimene zinachedwetsa thandizo pa Lady Mary sizinalakwike m'mawa wa ngoziwo ayi. Zinalakwika kale, tsiku logula ndi tsiku lolembetsa. EPIRB imagwira ntchito kamodzi, ndipo tsiku limenelo mulibe mpata wokonza chilichonse. Zonse zimathera m'sitolo ndi pa fomu.

Kuti mudziwe chimene mukugula, tiyeni tichigwire m'manja. Nthawi zambiri chimakhala chachikasu kapena cha olenji. Kutalika kwake, pamodzi ndi kamlongoti kake kopindika, sikupitirira kwenikweni kuchokera pachigongono kufika kunsonga kwa zala. Pamwamba pali nyali yothwanima, m'mbali muli batani lobisika pansi pa kachivindikiro kuti lisadinidwe mwangozi, ndipo pali kachingwe kokulungidwa bwino. Mukachitembenuza mupeza chikalata chomatidwa, ndipo chuma chonse chili pamenepo: nambala ya zilembo ndi manambala 15, imene palibe chipangizo china padziko chili nayo, dzina kapena nambala ya dziko, ndi mwezi ndi chaka chimene batire lidzathe ntchito.

Chikayatsidwa, chimatumiza uthenga wa theka la sekondi, n'kupuma masekondi pafupifupi 50, n'kutumizanso, usiku ndi usana. Wailesi yanu ya FM imayenda pakati pa 88 ndi 108 MHz. EPIRB imalankhula pa 406 MHz, njira imene maiko onse anagwirizana kuti ikhale ya anthu amene ali pangozi okha. Amene amamvetsera kumwambako ndi masetilaiti a dongosolo lotchedwa Cospas-Sarsat. Analiyambitsa ndi maiko anayi, Canada, France, America ndi Soviet Union, mu 1979, nthawi imene America ndi Soviet Union sankamwerana madzi. Oyamba kupulumutsidwa anali anthu atatu amene ndege yawo inagwa m'mapiri a British Columbia ku Canada mu Seputembala 1982, ndipo kuyambira pamenepo dongosololi lathandiza kupulumutsa anthu oposa 50,000. Setilaiti ikamva, imatsitsira uthengawo ku siteshoni ya pansi, siteshoniyo imaupereka ku likulu loona za mauthengawa, ndipo likululo limadziwitsa opulumutsa a dera limene ngozi yachitikira komanso dziko limene chipangizocho chinalembetsedwa. Kuno kumwera kwa Africa likulu lotere lili ku Cape Town. Setilaiti sisankha madzi amchere, imamva chimodzimodzi boti lili pakati pa Nkhata Bay ndi Likoma. Ndipo palibe ndalama ya pamwezi. Mukagula mwagula.

Chinthu choyamba kuyang'ana pa bokosi ndi nambala ija, 406. Ndikunena izi motsindika chifukwa zipangizo zakale, zolankhula pa 121.5 ndi 243 MHz zokha, zikadalipo m'masitolo a zinthu zogwiritsidwapo kale ntchito komanso m'maboti ogulidwa kunja. Masetilaiti anasiya kumvetsera njira zimenezo pa 1 Febuluwale 2009. Chipangizo chotero chikhoza kuyaka, nyali yake n'kumathwanima bwinobwino, koma kumwamba kulibe amene akumva.

Ife a ku Malawi nkhani imeneyi tinaiphunzira ndi misozi. Pa 10 Juni 2024, ndege imene inanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr. Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu inagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Mukukumbukira usiku umene dziko lonse linachezera pa wailesi, asilikali akusakasaka m'chifunga, mpaka ndegeyo kupezeka tsiku lotsatira. Ndege nazo zimakhala ndi chipangizo cha mtundu womwewu. Ofufuza a bungwe la BFU la ku Germany analemba mu lipoti lawo kuti cha m'ndege imeneyo chinali chamtundu wakale uja, ndipo batire lake linatha ntchito mu 2004. Chipangizochi sichiletsa ngozi, chimenecho tinene poyera. Chimene chimachita ndi kufupikitsa kufunafuna, ndipo pamadzi, pamene munthu wangokakamira chigubu kapena thabwa, kufunafuna kukatalika ndiye kuti maliro.

[Nyimbo yofatsa, masekondi ochepa]

Tsopano za malamulo. Sitima zikuluzikulu za panyanja zamchere zimatsata pangano la SOLAS, limene linabadwa sitima ya Titanic itamira mu 1912, ndipo lero limayendetsedwa ndi bungwe la IMO ku London. Sitima zonyamula anthu ndi zonyamula katundu zoyambira matani 300, zoyenda pakati pa maiko, zimayenera kukhala ndi EPIRB yodzimasula yokha, yoyesedwa chaka ndi chaka ndi kukonzedwa ndi akatswiri pasanathe zaka zisanu. Kuyambira pa 1 Julayi 2022, EPIRB yatsopano yoikidwa m'sitima zimenezi iyenera kukhala ndi GPS kapena zofanana nayo, komanso iyenera kutumiza chizindikiro cha AIS, chimene sitima zoyandikana nazo zimachiona pa makina awo.

Maboti ang'onoang'ono, dziko lililonse lili ndi lamulo lake. Ku Australia, m'zigawo zambiri, boti likangopitirira ma mailosi awiri a panyanja kuchokera kumtunda, kumene ndi makilomita osakwana anayi, liyenera kukhala ndi EPIRB yolembetsedwa. Ku South Africa bungwe la SAMSA limagawa maboti potengera mtunda umene amaloledwa kupita, ndipo opitirira ma mailosi 40 safika kumeneko opanda EPIRB. Kwathu kuno maboti amayenderedwa ndi kupatsidwa ziphaso ndi dipatimenti ya Marine pansi pa lamulo la Inland Waters Shipping Act, pamene chilichonse choulutsa mawu kapena chizindikiro m'mlengalenga chili m'manja mwa MACRA. Ku Zambia a mafunde a wailesi ndi ZICTA, ku Zimbabwe ndi POTRAZ, ku Mozambique ndi INCM. Safunsa anadya phula. Musanatumize ndalama kwa wogulitsa aliyense, kaonaneni ndi woyendera maboti, mumuuze kukula kwa boti lanu, anthu amene limanyamula ndi madera amene limafika, iye akuuzeni mtundu umene angauvomereze. Ndipo ngakhale atakuuzani kuti boti lanu lamulo silikulikakamiza, ine ndinganene kuti boti lonyamula anthu makumi angapo kudutsa pakati pa nyanja yotambalala makilomita 75, yakuya mamita 700, m'miyezi ya mwera, likuyenera kukhala nayo. Nyanja yathuyi inameza sitima ya Vipya mu Julayi 1946 pamodzi ndi anthu 145. Si dziwe.

Pali chinthu chimodzi chimene malamulo a maiko onse amagwirizana: chipangizocho chikhale chovomerezedwa ndi Cospas-Sarsat. Mtundu uliwonse umene unayesedwa n'kupambana uli ndi nambala ya chiphaso, ndipo mndandanda wake uli poyera pa intaneti. Wogulitsa woona sachita manyazi mukamufunsa nambala imeneyo. Akayamba kuzungulira, tulukani.

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, chifukwa m'sitolo muli zipangizo zingapo zooneka ngati zofanana. Pali PLB, mng'ono wake wa EPIRB, kakang'ono kolowa m'thumba kapena komangirira pa jekete yoyandamitsa munthu. Nako kamalankhula pa 406 ndi masetilaiti omwewo. Koma batire lake analipangira maola osachepera 24, pamene la EPIRB ndi maola osachepera 48. Ma PLB ambiri sayandama chilili, amafuna munthu awagwire mlongoti uli m'mwamba, ndipo sayaka okha akagwera m'madzi. PLB imalembetsedwa m'dzina la munthu, EPIRB m'dzina la boti. Pamene lamulo lanena EPIRB, nthawi zambiri PLB silowa m'malo mwake. Palinso zipangizo monga Garmin inReach ndi SPOT, zotumizira mauthenga kudzera pa masetilaiti a makampani. Ndi zabwino pouza akunyumba pamene muli, koma zimafuna kulipira mwezi ndi mwezi, ndipo mukapanda kulipira zimangokhala chete. Woyendera maboti sazitenga ngati EPIRB.

Pa ma EPIRB enieniwo pali mitundu iwiri, ndipo kusiyana kwake kuli pa chosungiramo. Wa gulu loyamba umakhala m'chibokosi choyera cha pulasitiki chomangidwa panja pa boti. M'chibokosimo muli kachipangizo komva kulemera kwa madzi. Boti likamira n'kufika pakati pa mita imodzi ndi theka ndi mamita anayi, madzi amakankha kachikopa kam'kati, kampeni kokhala pa sipuling'i kamadula chomangira, chivindikiro chimafwamphuka, EPIRB imatuluka, imakwera pamwamba pa madzi n'kuyamba yokha kukuwa, ngakhale pasakhale munthu amene waikhudza. Kachipangizo kodulako kamamva kulemera kwa madzi, osati mchere, ndiye kamagwira ntchito panyanja yathu. Koma kamasinthidwa zaka ziwiri zilizonse, ndipo mtengo wake muuwerengere pogula. Wa gulu lachiwiri umakhala pa chokolekera wamba, umafuna munthu auchotse ndi manja.

Wabwino ndi uti? Yang'anani boti lanu. Ngati ndi lachitsulo kapena la faiba, lolemera, lokhala ndi chipinda, limene likagubuduka limapita pansi m'kanthawi kochepa, gulani wodzimasula wokha. Funde la madzi likakuphimbani usiku, anthu akukuwa, katundu akugwa, palibe amene amakumbukira kulowa m'chipinda kukatenga chipangizo. Koma maboti athu ambiri a matabwa akagubuduka samira, amangoyandama chadodolido. Boti lotero mwina silingafike pa mamita aja, ndipo chibokosicho chikhoza kukhala chotsekeka pansi pa boti mpaka kalekale. Pamenepo ndi bwino wa pamanja, wokolekedwa pafupi ndi amene wagwira injini, pamene dzanja lake lingafike osaimirira, ndipo ngati thumba likulola, woyendetsayo akhalenso ndi PLB pathupi.

Za GPS ndiye musanyengerere. EPIRB yopanda GPS imadalira masetilaiti kuti awerengere pamene ili, ndipo malo amene amapeza amatha kuphonya ndi makilomita asanu. Ya GPS imanena yokha pamene ili, kuphonya kwake mamita pafupifupi 100. Makilomita asanu mbali zonse, usiku, mafunde atakula, mukufunafuna mitu ya anthu pamadzi, ndi dera lalikulu zedi. Ngozi ya Lady Mary itachitika, bungwe la NTSB lofufuza ngozi ku America linalimbikitsa kuti ma EPIRB a maboti a malonda azikhala ndi GPS. Lero masetilaiti a Galileo, GPS ndi GLONASS, amene ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,000, amamva uthenga nthawi yomweyo, kotero kudikira kuja kunachepa, komabe kusiyana kwa mtengo pakati pa ya GPS ndi yopanda GPS n'kochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene mukugula. AIS ndi yothandiza kumene sitima zozungulira zili ndi makina oilandirira, monga ku Beira, Nacala kapena Durban. Panyanja yathu, kumene woyandikana nanu ndi msodzi wa usipa ndi nyali zake, phindu lake n'lochepa, pokhapokha lamulo litaifuna. Ma EPIRB ena atsopano ali ndi kanyali kabuluu kamene kamayaka uthenga wanu ukalandiridwa kumtunda, ntchito imene masetilaiti a Galileo anayamba mu 2020. Sikabweretsa thandizo msanga, koma munthu amene akudziwa kuti wamveka amagwiritsitsa.

[Nyimbo, masekondi ochepa]

Tifike pamene pagona nkhani. Nambala ya zilembo 15 ija ili ngati nambala ya galimoto: imanena dziko, ndipo kaundula ndi amene amanena mwini wake. M'kati mwake mumabisala manambala atatu a dziko. Malawi ndi 655, Mozambique 650, Zambia 678, Zimbabwe 679, South Africa 601, Britain kuyambira 232 mpaka 235. Manambalawa amaikidwa ndi wogulitsa pogwiritsa ntchito makina apadera, inu simungawasinthe kunyumba.

Ambiri a ife zinthu zoterezi amatigulira ndi abale a ku Johannesburg kapena ku Britain. Mwana wanu akalowa m'sitolo ku Southampton n'kugula EPIRB ya pashelefu, imakhala ndi nambala ya Britain. Tsiku la ngozi pa Usisya, uthenga udzapita kukafunsa kaundula wa Britain za boti limene sanalimvepo. Malo a ngozi adzadziwikabe, koma palibe amene adzadziwe msanga ngati ndi ngozi yeniyeni, boti lake ndi lotani, munali anthu angati. Ndipo dziwani kuti mauthenga ochuluka kwambiri amene malikulu aja amalandira amakhala abodza, oyatsidwa mwangozi. Chimene wogwira ntchito kumeneko amayamba kuchita ndi kutsegula kaundula n'kuimba foni. Akapeza munthu woyankha kuti inde, botilo lanyamuka m'mawa uno ndi anthu makumi atatu kupita ku Likoma, zinthu zimayenda. Akapanda kupeza, nthawi imadyeka. Choncho muuzeni wokugulirani kuti chipangizocho achiikitse nambala ya dziko limene boti linalembetsedwa chisanapakiridwe. Chikafika kale kuno, kuchibweza kuti akachisinthe ndi ndalama zina.

Kulembetsa m'maiko ambiri n'kwaulere. Ena ali ndi kaundula wawowawo, ena amalola eni maboti kulembetsa m'kaundula wa padziko lonse wotchedwa IBRD, umene Cospas-Sarsat imasunga pa intaneti. A dipatimenti ya Marine ndi a MACRA akuuzani koyenera inu. Polemba nambala ija, khalani awiri. Wina awerenge mokweza kuchokera pa chipangizo chenichenicho, osati pa bokosi, wina alembe, kenako musinthane. Mu nambala imeneyi zilembo zimalekezera pa F, ndiye mukaona chooneka ngati O, ameneyo ndi ziro. Chikalata chotsimikiza chikabwera, chiyerekezeninso ndi chipangizocho chilembo ndi chilembo.

Pa fomupo pali malo olemba anthu oimbiridwa foni pa ngozi, ndipo ine ndimaona kuti kwa ife a kuno malo amenewa ndi ofunika kuposa ena onse. Ku America kapena ku Australia uthenga ukafika, helikopita imanyamuka. Kwathu kuno apolisi a pamadzi ndi asilikali a pamadzi a ku Monkey Bay alipo, koma nyanja ndi yaitali makilomita oposa 500, ndipo nthawi zambiri woyamba kufika pa ngozi ndi boti la mnzanu wa padoko pomwepo. Ndiye musangolemba dzina la achimwene anu a ku Lilongwe chifukwa ndi ophunzira. Lembani munthu amene amadziwa tsiku lililonse kumene boti lapita ndi anthu amene lanyamula, amene foni yake sizima usiku, amene angathe kudzutsa mwini boti lina, kupeza mafuta, n'kuwerenga manambala a malo pa foni kapena pa GPS. Mumuuziretu kuti tsiku lina akhoza kulandira foni ya nambala yachilendo, mwina ya Chingelezi, asadzaidule poganiza kuti ndi akuba a pa foni. Musalembe nambala yanu yokha, chifukwa tsikulo inu mudzakhala muli m'madzi. Nambala ikasintha, boti likapakidwa utoto wina, kapena mukaligulitsa, kakonzeni kaundula. Ku Australia ndi ku America amakumbutsa eni ake kuchita zimenezi zaka ziwiri zilizonse, ndipo ndi chizolowezi chabwino kutengera.

Mtengo wa EPIRB yatsopano ndi madola mazana angapo a ku America, ndipo yodzimasula yokha imaposa apo. Ndi ndalama zambiri. Kwa msodzi wa bwato lopalasa n'zosatheka, ndipo sindimunamiza. Iye chitetezo chake ndi jekete yoyandamitsa, foni yokulungidwa m'pulasitiki, kumvera chenjezo la a zanyengo mwera ukamabwera, ndi kuuza a kunyumba kumene wapita. Koma amene anakwanitsa kugula injini ya mahatchi 40 ndipo amatolera ndalama za anthu okwera tsiku ndi tsiku, akhoza kuigula.

Pofuna kupulumutsa ndalama, ena amagula yogwiritsidwapo kale ntchito. Chenjerani ndi batire. Mabatire a ma EPIRB amakhala zaka zisanu, ena khumi, ndipo zakazo zimayamba kuwerengedwa chipangizo chikadali m'sitolo. Ngakhale yatsopano, werengani deti, chifukwa ikhoza kukhala kuti yagona pashelefu zaka ziwiri. Batire lake si la tochi loti mugula pagolosale. Ambiri amasinthidwa ndi akatswiri ovomerezeka amene amayesanso ngati madzi sakulowa, ndipo kwa ife zimenezo zikutanthauza kutumiza kunja. Mukaphatikiza mtengo wa batire, wosintha nambala ya dziko ndi wotumizira, yakaleyo ikhoza kudula kuposa yatsopano. N'chifukwa chake kwa boti la kuno ndingasankhe ya zaka khumi. Dziwaninso kuti mabatirewa ndi a lithium, ndipo makampani a ndege amawatenga ngati katundu woopsa. Wokubweretserani afunse kaye ku kampani ya ndege kapena ya mtengatenga, asangoiponya m'sutikesi.

Yafika, mwalembetsa. Poika, sankhani malo oonekera, opanda denga pamwamba, opanda zingwe kapena maukonde amene angaikole ikamakwera. Isakhale pansi pa matumba a ufa, isakhale m'bokosi lokhoma loko poopa akuba, kiyi ali ndi bwana kumtunda. Italikirane ndi kampasi pafupifupi mita imodzi, chifukwa m'chokolekera chake muli maginito amene amaigwira kuti isayake mvula ikainyowetsa, ndipo maginito ameneyo amasokoneza kampasi. Aliyense wogwira ntchito m'botimo, mpaka mnyamata wokapa madzi, adziwe pamene ili ndi mmene amayatsira. Kamodzi pamwezi dinani batani loyesera, lolembedwa TEST, muone nyali ikuthwanima monga buku lake likunenera. Musapitirize apo, kuyesa kulikonse kumadya batire, ndipo musayese poyatsa batani lenileni.

Tsiku loipalo likafika, ichotseni, imikani mlongoti, dinani batani ndi dzanja lanu ngakhale ili yoyaka yokha m'madzi. Masulani kachingwe kaja, mumangirire pa dzanja lanu, pa jekete, kapena pa chimene anthu akwerapo, n'kuisiya iyandame pambali panu. Inapangidwa kuti izigwira bwino ntchito ili pamadzi, ikuona kumwamba. Musaimangirire ku boti limene likumira, lidzapita nayo pansi. Musaizimitse pofuna kusunga batire. Opulumutsa akayandikira amatsata kachizindikiro kena kofooka ka 121.5 MHz kamene imatumiza nthawi yonse, ndipo usiku amatsata nyali yake. Isiyeni iyake mpaka mutakwera m'boti la okupulumutsani.

Ikayaka mwangozi, mwana waseweretsa kapena wotsuka boti waichotsa pa chokolekera ili yonyowa, izimitseni, kenako imbani foni nthawi yomweyo kwa apolisi a pamadzi kapena ku ofesi imene munalembetsa, muwauze nambala yake ndi kuti palibe ngozi. Musabise poopa kukalipiridwa. Uthenga umakhala utapita kale, ndipo mukakhala chete anthu adzatentha mafuta kufunafuna boti limene lili phee padoko, mwina pa nthawi imene ena akumira kwina.

Ikakalamba, musaitaye kudzala ili ndi batire. Ku Australia opulumutsa akhala akutsata mauthenga mpaka kukafika pa malo otayira zinyalala, n'kupeza kuti ikukuwa ndi EPIRB yakale imene wina anataya. Chotsani batire kapena ibwezeni kwa wogulitsa, ndipo kafufutitseni nambala yake m'kaundula musanalembetse yatsopano.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Yendani bwino panyanja.

[Nyimbo yotsekera]